Kodi Munthu Wabwino Ayenera Kuyang'aniridwa?

M'dziko la America muli chizolowezi pakati pa Asikauti chakuti dera lililonse litumiza kalata ya nkhani kwa akulu amene adadzipereka kutsogolera ana popanda malipiro. Nkhani zake ndi zazing'ono, zonga zija timva potsiriza msonkhano anthu atayamba kale kunyamula mipando: ulendo wa kumisasa ndi wa tsiku lakutilakuti, ndalama zolembetsera zifike mwezi usanathe, gulu lakuti lisowa munthu wodziwa kuphunzitsa kusambira, mnyamata uje walandira mendulo. Koma pakati pa tinkhani timeneti kawirikawiri pakhala mzere umodzi wouma, wopanda nthabwala, wokumbutsa kuti munthu wamkulu aliyense amene sadachite maphunziro a kuteteza ana, kapena amene chikalata chake cha maphunzirowo chidatha nthawi, dzina lake silidzalembedwa m'kaundula, ndipo sadzaloledwa kutsogolera ana. Mzere umenewu suyang'ana nkhope. Ugwira wobwera dzulo, ugwiranso wa imvi.

Tiyerekeze tsono kuti kalata yotere yafika m'manja mwa bambo wina wachikulire amene watsogolera anyamata zaka 30 popanda banga. Ana amene adawaphunzitsa kusonkha moto mvula ili kugwa, lero ali ndi mabanja, ndipo abweretsa ana awo kwa iye yemweyo. Awerenga mzere uja, namva kuti ayeneranso kukhala pansi kuphunzira kuti asayende m'galimoto ndi mwana mmodzi yekha, asagone m'tenti ya ana, asalembere mwana uthenga pa lamya popanda munthu wina wamkulu kuuona. Mtima umuwawa, nati: "Kodi ndasanduka fisi liti ine? Zaka zonsezi ndalera ana a eni osapemphapo kanthu, ndipo lero mphotho yanga ndiyo yakuti wina adziimirira pambali panga ngati mlonda?"

Dandaulo limeneli tisalipeputse, owerenga athu, pakuti munthuyu sanena zopusa. Kukhulupirirana ndiwo mzati wa mudzi. Mayi asiya khanda kwa mnansi wake napita kumunda, bambo atuma mwana wake kuperekeza mlendo mpaka kumtsinje, ndipo palibe alembetsa kalata. Makolo athu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pa mawu amenewa ana amasiye ambiri adakulira. Komanso mbiri yabwino ndi chuma chimene munthu achisonkhanitsa pang'onopang'ono moyo wake wonse, kotero kumkayikira popanda chifukwa ndiko kumlanda chuma chimenecho. Funso lathu ndi ili: kodi nkolungama kusenzetsa anthu abwino ambirimbiri lamulo limene lidapangidwa chifukwa cha oipa owerengeka? Sitingathe kuyankha tisanaone kumene lamulolo lidachokera.

Mu Ogasiti 1907 msilikali wa ku England, a Robert Baden-Powell, adatenga anyamata ngati 20 napita nawo pa chilumba cha Brownsea, nakhala nawo kumeneko masiku owerengeka m'matenti, ali kuwaphunzitsa kulondola mapazi, kuphika, kuthandiza wovulala ndi kusunga lonjezo. Chaka chotsatira, 1908, adatulutsa buku lawo lotchedwa Scouting for Boys, ndipo chinthucho chidafalikira ngati moto wa m'tchire. Ku America bungwe la Boy Scouts of America lidakhazikitsidwa pa 8 Febuluwale 1910. Nzeru ya a Baden-Powell idali yakuti mwana aphunzira ulemu ndi kulimba mtima akachoka pakhonde pa amake, nagona kuthengo pamodzi ndi anzake, ali m'manja mwa munthu wamkulu amene amkhulupirira. Ndi nzeru yabwino ndithu, ndipo anthu osawerengeka aikumbukira ndi chiyamiko. Koma taonani zimene zili m'kati mwake. Mwana ali kutali ndi kwawo, ndi usiku, adalonjeza kumvera ndi kukhala wokhulupirika, ndipo makolo ake agona tulo tofa nato chifukwa cha yunifolomu imene mtsogoleriyo wavala. Zimene zikometsa Usikauti ndi zomwezonso zimene munthu wa mtima woipa azifuna, chifukwa iye sadzavutika kukasaka ana kumene ana amthawa, koma adzapita kumene adzampatsa ana ndi manja awiri.

Atsogoleri a bungweli adazidziwa zimenezi kale lomwe. Kuyambira zaka zoyamba za bungwe adasunga ku likulu zikalata za chinsinsi, momwe adalembamo maina a anthu osayenera kutsogoleranso ana, ambiri mwa iwo chifukwa chochita ndi ana zonyansa. Cholinga chidali chabwino, chakuti wochotsedwa kuno asakalembetse kwina, ndipo nthawi zambiri mpandawo udatsekereza ndithu. Koma zikalatazo zidali zobisika, ndipo chobisika sichichenjeza kholo. Mu 2010 bwalo la milandu la mu mzinda wa Portland, m'chigawo cha Oregon, lidamva mlandu wa munthu amene adalakwiridwa ali mwana, m'zaka za m'ma 1980, ndi mtsogoleri wina. Ndipo zidaoneka kuti mtsogoleriyo adali atavomera kale ndi pakamwa pake kuti adaipitsa anyamata ambiri, komabe adamlekerera kuyenda pakati pa ana. Bungwe lidalamulidwa kulipira madola 18.5 miliyoni monga chilango. Mu Okutobala 2012, bwalo lalikulu la Oregon litalamula, zikalata za zaka za 1965 mpaka 1985 zidatulutsidwa poyera, masamba ngati 14,500 okhudza anthu oposa 1,200. Chaka chomwecho nyuzipepala ya Los Angeles Times idasanthula zikalata 1,600 za zaka za 1970 mpaka 1991, nipeza kuti pa milandu yoposa 500 imene atsogoleri adaimva okha kuchokera kwa ana, makolo kapena anthu ena, pa milandu ngati 400 padalibe chosonyeza kuti apolisi adauzidwa.

Mu 2019 zidamveka kuti mayi Janet Warren a ku University of Virginia, amene bungwe lomwelo lidawalemba kuti awerenge zikalatazo, adapezamo maina a olakwa 7,819 ndi ana olakwiridwa 12,254 pakati pa 1944 ndi 2016. Mu Febuluwale 2020 bungwe lidapita ku bwalo kukavomera kuti chuma chake sichingathe kulipira milandu yonse, ndipo pamene anthu adaitanidwa kuti apereke madandaulo awo, adafika oposa 82,000, ambiri a iwo amuna aimvi amene adakhala chete zaka makumi ambiri. Mu 2022 woweruza adavomereza thumba la chipukutamisozi la madola ngati 2.46 biliyoni. Mu 2025 bungwe lidatenga dzina latsopano la Scouting America. Tisawerenge zimenezi ndi mtima wonyodola, ngati kuti nthendayi ndi ya Asikauti okha kapena ya Azungu okha. Idapezeka m'masukulu, m'magulu a masewera ndi m'mipingo, ngakhale wathu womwe, ndipo paliponse idakula m'mthunzi womwewo wa kubisa.

Nanga anthu olembedwa m'zikalata zija adali otani? Apa ndi pamene pali phata la nkhani yathu. Tikamva za woipitsa ana, m'maganizo mwathu mubwera chilombo cha maso ofiira chobisala patchire. Koma m'zikalatamo mudali aphunzitsi, madokotala, apolisi, atsogoleri a mipingo, amuna okwatira okhala ndi ana awoawo, anthu amene midzi yawo ikadawaikira umboni mosazengereza. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wotere sathamanga. Ayamba ndi kudzipereka kuposa anzake onse: ndiye abwera m'mamawa, ndiye atsala potsiriza, ndiye ali ndi galimoto yoperekera mwana kwawo. Asankha mwana amene asowa bambo, kapena amene anzake amsala, nakhala bwenzi la amake, nawathandiza pa mavuto. Apatsa mwanayo timphatso, kenaka amuuza tinsinsi tating'ono, kenaka amlola kuchita kanthu koletsedwa, monga kulawa mowa kapena kuona zithunzi zolaula, kuti mwanayo adzione ngati nayenso ali ndi mlandu ndipo aope kuulula. Pofika tsiku la choipa chenicheni, miyezi yapita, ndipo aliyense amene akadafunsa adazolowera kale kuwaona awiriwo ali okha.

Onani tsono vuto lathu. Poyang'ana kunja, mtsogoleri wabwino ndi mtsogoleri woipa achita zofanana: onse akonda kukhala ndi ana, onse athandiza osauka, onse atamandidwa. Kusiyana kwawo kuli mumtima, ndipo mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Lamulo lakuti "oipa okha asakhale okha ndi ana" silingalembedwe, pakuti tikadawadziwa oipawo sitikadawapatsa ana ndi pang'ono pomwe. Ndipo lamulo limene lipatula anthu odalirika lipatula ndendende anthu amene tiwaopa, chifukwa kudalirika ndiko chida chawo. Ngakhale kufufuza mbiri ya munthu m'mabuku a milandu, kumene bungweli lidayamba kuchita kwa atsogoleri atsopano mu 2003, kugwira okhawo amene adagwidwapo kale. Amene sadagwidwepo atuluka woyera ngati ufa.

Mphunzitsi wina wa ku America, a David Finkelhor, adalongosola mu 1984 kuti choipachi chisanachitike payenera kuchitika zinthu zinayi. Munthu akhale ndi chilakolako choipa. Agonjetse chikumbumtima chake. Apeze mpata pamene palibe womuona. Ndipo agonjetse kukana kwa mwana. Ziwiri zoyambazo zichitika m'kati mwa munthu, kumene diso lathu silifika. Koma ziwiri zotsirizazo zichitika pabwalo, pakati pathu, ndipo zili m'manja mwathu. Maphunziro onse a kuteteza ana aima pa nzeru imeneyi: popeza sitingathe kuweruza mitima, titseke mipata.

Ndi chifukwa chake mu 1987 bungwe lidalamula kuti pa ulendo uliwonse pakhale akulu awiri, ndipo pambuyo pake lidaletsa kuti wamkulu akhale ndi mwana mmodzi pamalo obisika. Ana agona m'matenti awo, akulu m'matenti awo; ana ogona m'tenti imodzi asasiyane zaka zoposa ziwiri, pakuti nthawi zina wolakwira mwana ndi mwana mnzake wamkulupo; mwana asapite kumtsinje kapena kuchimbudzi chakutali popanda mnzake; pasakhale miyambo ya chinsinsi, ndipo kholo lili ndi ufulu wa kuona chilichonse chimene gulu lichita. Mu 2010 maphunzirowo adasanduka lamulo kwa wamkulu aliyense wolembetsa, ndi kuti azibwerezedwa nthawi ndi nthawi, ndipo ndiko kudachokera mzere wouma uja wa m'kalata. Akale adati kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Sadanene za Asikauti, koma adadziwa kuti munthu akhala bwino pamene pali mnzake womuona.

Kwa bambo athu okhumudwa aja tinganene chonchi. Amayi a banki m'khonde asunga ndalama zawo m'bokosi la maloko atatu, ndipo makiyi ake akhala ndi anthu atatu osiyana; wosunga bokosi alibe kiyi, ndipo bokosi litsekulidwa pamaso pa onse. Kodi wosunga bokosiyo atukwanidwa pamenepo? Iyayi. Adamsankha chifukwa amkhulupirira, ndipo maloko atatuwo ndiwo asunga kukhulupirirana kwawo kuti kusaonongeke. Palibe anena kuti, "Ine ndasunga bokosi zaka zisanu, ndipatseni makiyi onse." Akatero, ndi pamene anzake ayamba kuyang'anana. Tsono ngati tichita zimenezi chifukwa cha ndalama, imene ikasowa tingathe kuiwerenga, kuona kuti yaperewera, ndi kuibweza, nanga mwana? Mwana akalakwiridwa abwera kunyumba ali ndi miyendo iwiri ndi manja awiri monga adapitira, ndipo palibe buku losonyeza chimene chachotsedwa mwa iye. Zidzaoneka patapita zaka, m'kusowa tulo, m'mowa, m'banja losweka, mwina m'chingwe.

Ophunzitsa ambiri, pofuna kutonthoza atsogoleri, anena kuti lamulo la anthu awiri liteteza mtsogoleri yemwe kuti asanamiziridwe. Nzoona, ndipo si chinthu chochepa. Koma ife sitikonda kuti chifukwa chimenechi chikhale patsogolo, pakuti munthu amene asunga lamulo chifukwa cha kudziteteza yekha ayamba kuona mwana ngati msampha, ndipo tsiku limene adzaganiza kuti palibe womneneza adzalisiya lamulolo. Chifukwa chenicheni nchakuti munthu wabwino akakana kukhala yekha ndi mwana, asandutsa chinthucho chachilendo m'gulu monse. Pamene atsogoleri onse asunga mwambowo, yekhayo amene afunafuna mpata aonekera ngati ng'ombe yakuda pakati pa zoyera, ndipo ana omwe adziwa kuti pali chimene chalakwika. Koma wabwinoyo akadzipatula yekha chifukwa ndi wabwino, watsekula khomo limene woipa adzalowerapo mawa, nadzati, "Inenso ndichita monga achitira akuluwa." Kotero chimene tipempha kwa iye si umboni wa kusalakwa kwake ayi, timpempha mphatso, yakuti apereke kaufulu kake kena chifukwa cha ana amene mwina sadzawaona nkomwe.

Tisaname kuti mphatso imeneyi ilibe mtengo. Pali mnyamata wamasiye amene akadapindula kuyenda ulendo wautali ndi munthu wamkulu wanzeru, awiri okha, ndi kutula za mumtima mwake. Pali gulu laling'ono la kumudzi limene lalephera kupita kumisasa chifukwa wamkulu wachiwiri wadwala. Pali mwana woyenda pamvula amene mtsogoleri ampitirira ndi galimoto, kapena ayamba waimba lamya kwa makolo asanamtenge. Pa choyambacho mankhwala alipo: mtsogoleri angathe kucheza ndi mwana patali pang'ono, pamene ena awaona koma sawamva, pa chipika cha pakati pa bwalo m'malo mwa m'chipinda chotseka, chinsinsi cha mawu chisungidwa, chinsinsi cha malo chichotsedwa. Koma pa zinazo tivomere kuti pali kukoma kwina kwa masiku akale kumene kwatayika, ndipo adakutaya ndi anthu a m'zikalata aja pamodzi ndi amene adawabisa.

Pali mbali ina ya maphunzirowa imene ivuta anthu a mwambo wathu koposa. Ana nawonso aphunzitsidwa: kuzindikira pamene wamkulu achita zosayenera, kukana, ndi kukauza munthu wina. Kukana wamkulu! Ife tidaleredwa kuti mwana akaitanidwa avomera "wawa", agwada, salankhula wamkulu ali chilankhulire, ndipo safunsa chifukwa chimene amtumira. Ulemu umenewu ndi wokongola, ndipo Usikauti womwe uphunzitsa kumvera. Koma kumvera kuli ndi malire, ndipo mwana amene sadauzidwe za malirewo tamsiya wopanda chishango. Ulamuliro wa wamkulu pa mwana udapatsidwa chifukwa cha ubwino wa mwanayo. Wamkulu akaugwiritsa ntchito kuononga mwana, wauvula yekha, ndipo mwana womkana sachita mwano. Mwana ayenera kumva kuchokera kwa makolo ake enieni, ndi mawu osazungulira, kuti thupi lake lili ndi malo amene munthu aliyense saloledwa kuwakhudza, ngakhale mphunzitsi, ngakhale malume, ndi kuti wamkulu amene anena "usauze amako" ndiye woyamba kukanenedwa kwa amake. Ku America bungwe lidaika kabuku ka makolo koyambirira kwa buku la Msikauti aliyense kuti kholo ndi mwana akawerenge pamodzi, chifukwa lidaona kuti manyazi a makolo ndiwo mpanda wina umene woipa abisalamo. Komabe tisasenzetse mwana katundu yense. Mwana wa zaka 11 amene adalephera kukana munthu wa zaka 40 alibe mlandu. Ntchito ya kulondera ndi ya akulu.

Tsopano tifike pa chovuta kuposa zonse, chimene ndi kuulula. Mu 2011 bungwe lidalamula kuti mtsogoleri aliyense amene akayikira ndi chifukwa kuti mwana walakwiridwa, akauze a boma iye mwini, osangouza mkulu wa gulu ndi kusamba m'manja. Apa munthu wa chikumbumtima aima kaye, nafunsa kuti: "Nanga ngati ndalakwitsa? Kodi sindidzaononga dzina la munthu wosalakwa? Kodi si miseche imeneyi?" Funso lolemera, ndipo amene salifunsa ndi woopsa. Koma tisiyanitse zinthu. Miseche ndiyo kunena choipa cha mnzako kwa anthu amene alibe nacho chochita, pachitsime kapena pabawo, kuti makutu akondwe. Kuulula ndiko kunena chimene waona kapena wamva, osaonjezera, kwa iwo okha amene ali ndi udindo ndi luso la kufufuza. Woulula saweruza, apereka nkhani kwa oweruza. Amene aweruza ndi uja akhala chete, pakuti iye wagamula yekha mumtima mwake kuti mwana anama ndipo wamkulu anena zoona, popanda kufufuza, popanda mboni, ndipo kawirikawiri chifukwa wamkuluyo ndi mnzake wodyera naye mbale imodzi.

Zikalata za ku America zionetsa kumene chifundo chosokera chifikitsa. Kambirimbiri munthu adaloledwa kutula pansi udindo mwakachetechete, ponena kuti watanganidwa ndi ntchito kapena wadwala, kuti dzina lake ndi dzina la bungwe zisade. Amene adachita zimenezi sadali zilombo. Ambiri adaganiza kuti achitira chifundo munthu wa banja, ndi kuti apulumutsa mwana ku manyazi a ku bwalo. Koma munthu uja adasamukira mzinda wina, napezanso ana ena. Ifenso tidziwa kachitidwe kofanana nako: akuluakulu akhala pansi usiku, mbuzi kapena ndalama iperekedwa, nkhani ithera pachibale, ndipo mwana auzidwa kuti atseke pakamwa angachititse banja manyazi. Pa bwalo lotere aliyense apeza kanthu, wolakwa apeza ufulu, banja lipeza mbuzi, mudzi upeza bata, kupatula mwana yekha, amene aphunzira kuti mtengo wake ndi mbuzi imodzi. Inde, zichitika kuti wosalakwa anenezedwa, ndipo chilonda chake nchachikulu. Chifukwa chake nkhani iyenera kusungidwa pakati pa oyenera okha, ndipo wonenezedwa achotsedwe pakati pa ana mwaulemu kufikira zoona zitadziwika, osamuyesa wolakwa mlandu usanazengedwe. Koma wamkulu ali ndi pakamwa, abwenzi ndi bwalo lomumvera. Mwana ali ndi munthu mmodzi yekha amene wamsankha kumuuza.

Ndipo munthu ameneyo angakhale inu, a katekisiti, kapena inu mayi wophikira ana pa msonkhano, chifukwa mwana sasankha wa udindo waukulu koma amene amuona wofatsa. Maphunziro aja anena zochepa pa ichi, koma zolimba. Mumvereni mwanayo modekha, osakuwa, osaonetsa kunyansidwa, pakuti akaona nkhope yanu yasintha adzabweza mawu. Musamlonjeze kuti simudzauza munthu. Muuzeni zoona, kuti mudzauza okhawo amene angamthandize. Musamfunse mafunso ambiri kapena kumuikira mawu m'kamwa, chifukwa mukatero muononga umboni wake. Muuzeni kuti wachita bwino kunena ndi kuti mlandu si wake. Lembani mawu ake monga adawanenera, ndi tsiku lake. Musapite kukakangana ndi wonenedwayo, ndipo musawakumanitse awiriwo kuti "amve mbali zonse". Pitani kwa apolisi kapena kwa a zosamalira anthu tsiku lomwelo.

Chikalata cha maphunziro pachokha ndi pepala chabe. Milandu yambiri ya ku America ndi ya zaka zakale, malamulo aja asanakhazikitsidwe, koma ina idachitika malamulo alipo, atapachikidwa pakhoma, chifukwa tsiku lina wina adati, "Lero lokha, wachiwiri wachedwa," ndipo anzake adachita manyazi kumletsa. Mu 2017 msonkhano wa Asikauti a dziko lonse, umene udakumana ku Baku m'dziko la Azerbaijan, udavomereza ndondomeko imodzi ya kuteteza ana yoti mabungwe a m'maiko onse aitsate, kuphatikizapo a kuno kwathu. Ndondomeko yotere ilembedwa ndi anthu ophunzira m'nyumba zazikulu, koma imene idzaipatsa moyo ndi mphindi yaing'ono yochititsa manyazi, pamene mtsogoleri wa zaka 20 aona mkulu wake wolemekezeka ali kupita kuseri ndi mwana, nayenera kunena kuti, "Pepani bambo, ndiloleni nditsagane nanu." Mawu amenewa alemera pa lilime la wamng'ono ngati mwala wa mphero, ndipo ambiri sadzawanena pokhapokha wamkuluyo atawapeputsa.

Apa ndi pamene bambo wathu wa zaka 30 uja ali ndi ntchito imene wina aliyense sangaigwire. Iye akafika woyamba pa maphunziro, nakhala pa benchi la patsogolo ndi cholembera m'manja, achinyamata adzaleka kudandaula. Iye akanena pamaso pa onse kuti, "Mukandiona ndili ndekha ndi mwana, bwerani mudzaime pafupi, ndipo ndidzakuthokozani," wamasula malilime a gulu lonse. Ndipo madzulo ena msonkhano udzatha, ana onse adzapita, kudzatsala kamnyamata kamodzi kamene amake achedwa kudzakatenga. Mnzake wachiwiri adzayang'ana wotchi, pakuti kwawo nkutali ndipo kuli kuda, nadzati, "Inu bambo tikudziwani tonse, ine ndingopita." Mkuluyo adzamgwira dzanja, nadzamuuza kuti akhale. Adzatulutsa mipando itatu panja, pakhonde pamene nyale iwala, ndipo adzadikira onse atatu kufikira mayi uja atatulukira pa msewu.